Townhouse, nyumba ya payokha kapena kumanga kumudzi: yankho langa kwa anzanga a ku Joni

Chigulireni townhouse kuno ku Johannesburg, funso la anzanga akumudzi ndi limodzi, kaya takumana kutchalitchi kaya pa gulu la WhatsApp: "Achimwene, nafenso tigule ngati yanuyo?" Kuyankha mmodzimmodzi kwanditopetsa, ndiye ndalemba kamodzi kuti wofunsa ndizingomulozera pano. Njira zimene zikupikisana ndi zitatu. Pali townhouse ya mu kompleksi, nyumba zambiri za mumpanda umodzi, zija zadzaza ku Midrand, Randburg, Roodepoort ndi Kempton Park. Pali nyumba ya payokha ya bwalo lake ndi mpanda wake, imene kuno amati full title. Ndiye pali njira imene ambirife tinayambira, yochita lendi kuno n'kumamanga ku Malawi. Za kuchuluka kwa zipinda ndi mtundu wa matailosi sindinenapo kanthu, zimenezo a agent akakuuzani mpaka makutu kuwawa.

Choyamba muzindikire chimene mukugula. Ma townhouse ambiri kuno amagulitsidwa pa sectional title, dongosolo lotsatira lamulo la 1986. Chanu chenicheni ndi m'kati mwa nyumbamo, ndipo malire ake amathera pakatikati pa khoma. Kunja kwa khomalo, denga, msewu wa m'kati, geti, dziwe losambira ndi nthaka yonse ndi za eni nyumba nonse pamodzi, gulu limene limatchedwa body corporate. Kadimba kakuseri kaja, kamene a agent amakuonetsani monyadira, nthawi zambiri si kanu. Amangokupatsani ufulu wokagwiritsa ntchito nokha. Mukasaina mwalowa m'gulumo, mufune musafune, ndipo simungatulukemo pokhapokha mutagulitsa nyumbayo.

Apa ndiye pali nkhani ya levy, imene inandiluma ndipo mpaka lero chilonda chake sichinapole.

Levy ndi ndalama imene mwini nyumba aliyense amapereka mwezi ndi mwezi kuti gulu lilipire alonda, inshuwalansi ya nyumba zonse, otchetcha kapinga, magetsi a panja, kampani yoyendetsa kompleksi ndi zokonzakonza. Aliyense amapereka molingana ndi kukula kwa nyumba yake. Pamene ndinkagula, levy ya pakompleksi pathu inali yotsika kusiyana ndi ya makompleksi oyandikana nawo, ndipo a agent anaitchula mobwerezabwereza ngati chinthu chonyadira. Chimene sananene n'chakuti inali yotsika chifukwa kwa zaka zambiri matrasti, anthu osankhidwa pakati pa eni nyumba kuti aziyendetsa zinthu, ankaopa kuikweza kuti asadedwe pamsonkhano wa pachaka. Madenga ankadontha, iwo n'kumangomata. Makoma a mpanda anali ndi ming'alu, iwo n'kumangopaka penti.

Dzinja loyamba litafika, ndi mvula ya matalala ija ya ku Gauteng, nyumba zingapo za mzere wam'munsi zinalowa madzi. Yanga sinadonthe ngakhale kadontho. Koma kalata inabwera kwa tonse: special levy. Iyi ndi ndalama yapadera imene matrasti angathe kugamula okha pakagwa vuto losayembekezereka, osadikira kuti eni nyumba onse avote. Kwa chaka chathunthu ndinkalipira pafupifupi kawiri ndalama imene ndinaikonzekera, kukonzetsa denga la anthu amene ngakhale moni sitipatsana. Titapita kumsonkhano m'pamene zinaululika kuti thumba la ndalama zosungira linali mbee, kuti eni nyumba angapo anali ndi miyezi yambiri osalipira levy, ndiponso kuti kompleksi inali ndi ngongole ya madzi kukhonsolo. Wosalipira amakhala m'nyumba mwake mwamtendere pamene maloya akulemberana makalata, ndipo ndalama za malowo, za alonda ndi za maloya omwewo zimayamba zachoka m'thumba mwa inu olipira. Zili ngati banki m'khonde imene mamembala ake simunasankhe ndinu, komanso simungachotsemo aliyense.

Chowawa n'chakuti lamulo loteteza zimenezi lilipo. Kuyambira mu Okutobala 2016, pamene Sectional Titles Schemes Management Act inayamba kugwira ntchito, body corporate iliyonse iyenera kukhala ndi thumba lapadera la ndalama zosungira, komanso pulani yolembedwa ya zokonza za zaka khumi. Kulinso bungwe la boma lomva madandaulo a m'makompleksi, CSOS, limene mwini nyumba aliyense amalilipira kandalama kosapitirira R40 pamwezi pamwamba pa levy. Koma lamulo kukhala papepala sikutanthauza kuti ndalama zili kubanki. Choncho musanayambe kusirira makabati a kukhitchini, pemphani zinthu izi kwa wogulitsa: malipoti a zachuma a body corporate owunikidwa ndi ma auditor, maminitsi a msonkhano wa pachaka wapitawu, pulani ya zaka khumi ija, ndi malamulo a khalidwe la pakompleksipo. Yang'anani kuti m'thumba losungira muli zingati ndipo eni nyumba ali ndi ngongole yochuluka bwanji. Funsani ngati pali special levy imene yagamulidwa kale kapena ikukambidwa, ndipo zoti adzalipira ndani zilembedwe mu offer to purchase, chikalata cha mgwirizano wogulira nyumba. Wogulitsa akayamba kuzengereza ndi mapepala amenewa, musadikire kuti akufotokozereni chifukwa chake, nyamukani. Kompleksi ya levy yokwera pang'ono koma thumba lili lodzaza ndi yabwino kuposa ya levy yotsika imene makoma ake akusenda.

Kumbukiraninso kuti levy siilowa m'malo mwa rates, msonkho wa nyumba wa kukhonsolo. Khonsolo imatumizabe bilu yake kwa inu mwini nyumba. Ndipo tsiku limene mudzafune kugulitsa, nyumba singasinthe dzina popanda chikalata chosonyeza kuti mulibe ngongole ya levy.

Nyumba ya payokha ilibe levy, pokhapokha ikhale mu estate ya homeowners association, gulu la eni nyumba, kumene nkhani yake ndi yomweyo ndi dzina lina. Koma musanamizidwe kuti ndiye yaulere. Denga likadontha ndi lanu. Giza likaphulika usiku, paipi ikatsekeka, mota ya geti ikapsa ndi mphezi, zonse ndi zanu, pamodzi ndi inshuwalansi, alamu ndi kampani ya alonda obwera ndi galimoto. Mukawerengera bwinobwino, mwezi wina zimafika pamene pali levy pomwepo. Kusiyana kwake, kumene ine ndimakuona kukhala kwakukulu, n'kwakuti mumasankha nokha. Mwezi wa fizi mungathe kuimika zopaka penti. Levy siidziwa Januwale, siidziwa kuti kumudzi kwagwa maliro. Mukachedwa, chiwongoladzanja chimayamba kuwerengedwa.

Pa ngongole ya kubanki, nyumba ziwirizi n'chimodzimodzi, koma ndinenepo chifukwa anzanga ambiri amawerengera malipiro a tsiku losaina lokha. Pakati pa 2020, nthawi ya Covid, prime rate, chiwongoladzanja chimene mabanki amayezerapo ngongole zawo, inatsika kufika 7%. Pofika Meyi 2023 inali pa 11.75%, ndipo inakhala pamenepo kupitirira chaka. Pa bond, ngongole yogulira nyumba, ya R1 miliyoni ya zaka 20, ndiye kuti malipiro a pamwezi anachoka pa R7,750 kufika pa R10,840 kapena kuyandikira pamenepo. Amene anagula ku Midrand mu 2021 atadzipanikiza mpaka pakhosi anaona zakuda, makamaka pamene levy nayo inkakwera chaka ndi chaka. Onjezanipo maloya awiri, wosintha dzina ndi wolembetsa bond, amene amafuna ndalama zawo nyumba isanakhale yanu. Msonkho wogulira nyumba, transfer duty, superekedwa pa nyumba yosapitirira R1.21 miliyoni kuyambira Epulo 2025, ndipo apa townhouse imapindula chifukwa zambiri zazing'ono zimagwera pansi pa malirewo. Ife a permit tilinso ndi chipsinjo china: mabanki amafuna dipoziti yaikulu, kawirikawiri mpaka theka la mtengo, pamene wa permanent residence amatengedwa pafupifupi ngati nzika.

Pa chitetezo ndivomere, townhouse yapambana, ndipo si pang'ono. Geti limodzi, alonda usana ndi usiku, waya wamagetsi pamwamba pa mpanda, anansi khoma ndi khoma. Disembala ndimakhoma chitseko n'kupita kumudzi osasaka munthu wogona m'nyumba. Wa nyumba ya payokha sangachite zimenezo mtima uli m'malo. Ana nawo amapalasa njinga m'kati mwa kompleksi popanda wowalondola.

Za mtunda: makompleksi otsika mtengo ali kutali ndi ntchito, ndiye musanagule kayeseni kuyenda pa msewu waukulu wa N1 kuchokera kumeneko Lolemba mamawa, osati Loweruka masana pamene a agent amakonda kuonetsa nyumba.

Tsopano za moyo wathu, zimene palibe agent angakuuzeni chifukwa sazidziwa. Nyumba ya Mmalawi ku Joni si ya banja lake lokha. Mlamu wabwera kudzaoda katundu, watsika basi ku Park Station ndi zikwama zake, agona kwanu. Mphwanu wabwera kudzasaka ntchito, akhala kwanu mpaka zitamuyendera. Makompleksi ambiri ali ndi lamulo la chiwerengero cha anthu, kawirikawiri awiri pa chipinda chogona chilichonse, ndipo amene amawerenga si alonda okha. Pamakhala mayi wina kapena bambo wina wopuma pantchito amene zenera lake limayang'ana pageti. Malo oimika galimoto za alendo ndi owerengeka. Kuyanika zovala poonekera n'koletsedwa. Galu kapena mphaka amafuna chilolezo cholembedwa cha matrasti, ndiye za nkhuku musayambe n'komwe. Ine ndinalandirapo kalata chifukwa cha fungo la usipa umene mayi a kunyumba ankakazinga zenera lili lotsegula. Kalata yeniyeni, ya chidindo cha kampani, yotchula nambala ya lamulo.

Nanga pakagwa zovuta? Mnzathu akatisiya kuno, anthu amasonkhana panyumba madzulo aliwonse, kuimba, kupemphera, kusonkha ndalama zotumizira thupi kumudzi, ndipo zimatenga masiku. M'kompleksi zimenezi sizitheka. Pabalaza pamakwana anthu ochepa, pageti mlendo aliyense ayenera kuimbiridwa foni kuti alowe, nyimbo zikangokwera madandaulo ayamba. Nthawi zonse timathera kwa amene ali ndi bwalo, kumene timakhoma tenti, amayi n'kuyatsa moto kuseri. Chimodzimodzi chinkhoswe, chimodzimodzi mapemphero a pakati pa sabata. Ngati ndinu munthu amene abale ndi mpingo amadalira khomo lanu, townhouse idzakudanitsani ndi anansi kapena ndi abale, musankhe nokha.

Bwalo limabweretsanso ndalama. Wa nyumba ya payokha, pulani ikavomerezedwa kukhonsolo, amamanga kanyumba kuseri n'kuikamo wa lendi, ndipo lendiyo imathandiza kubweza bond. Amadzala chimanga mizere ingapo, nkhwani, bonongwe, mpiru. Mu townhouse kukulitsa nyumba kumafuna kuti eni nyumba 75 pa 100 alionse ovota avomereze. Mu 2023, magetsi akuzimazima mpaka stage 6, anzanga a nyumba zawozawo anangoitana amisiri kudzaika sola padenga. Ife tinayamba talemba kalata yopempha, chifukwa denga si lathu, ndipo jenereta anakaniratu kaamba ka phokoso.

Njira yachitatu, yochita lendi kuno n'kumamanga kumudzi, anthu ena amaipeputsa ngati yachikale. Ine sinditero. Munthu amene permit yake imatha zaka zingapo zilizonse alibe chifukwa chodzimangirira ku ngongole ya zaka 20 m'dziko limene mawa angamuuze kuti mapepala sanatuluke. Kumanga kwathu kumayenda ndi thumba: mwezi uno njerwa, mwezi wina malata, zikavuta mwaima popanda banki yokulandani. Kwacha itagwa ndi 25% mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44% mu Novembala 2023, rand inkasinthidwa makwacha ambiri, ngakhale simenti ndi zitsulo sizinachedwe kukwera kutsatira pambuyo. Vuto la njira iyi tonse tikulidziwa. Ndalama imatumizidwa ya matumba makumi asanu a simenti, pamalo pafika makumi atatu, ndipo chithunzi cha pa WhatsApp chimajambulidwa mbali imene khoma lakwera. Palinso mapuloti ogulitsidwa kwa anthu awiri m'mphepete mwa Lilongwe ndi Blantyre. Popanda munthu mmodzi wokhulupirika woyang'anira, ndi mapepala a malo amene mwawaona ndi maso anu, njira iyi imadya ndalama kuposa special levy iliyonse. Komanso nyumba ya ku Area 25 kapena ku Chileka siikufunditsani inu mukugona m'chipinda cha lendi ku Rosettenville.

Ndiye yankho langa ndi ili. Ngati mapepala anu ndi a permit, chitani lendi, mangani kwanu. Ngati muli ndi permanent residence, banja lanu ndi laling'ono, nonse mumachoka mamawa n'kubwera usiku, mumayendayenda, ndipo simusamala kuuzidwa mtundu wa penti ya chitseko chanu, townhouse ikukwanani, bola mabuku a body corporate mwawawerenga tsamba ndi tsamba. Koma ngati muli ngati ine, wa abale ambiri, wokonda khasu ndi mbaula, wosakonda kulipira ngongole za eni, onjezerani chaka china mukusunga dipoziti, mugule nyumba yakale ya bwalo ku Roodepoort kapena ku Kempton Park, ngakhale khitchini yake ikhale yachikalekale. Yangayi ndikungodikira kuti mwana wamkulu amalize sukulu ya pafupiyi, ndiike chikwangwani choigulitsa.