Ndemanga yanga pa mbande za protea patatha zaka zitatu

Ndinagula mbande zitatu za protea, chitsamba chotulutsa maluwa aakulu, ku nazale ina, ziwiri za mtundu wa Pink Ice ndi imodzi ya King Protea, imene akatswiri amaitcha Protea cynaroides, ndipo ndadikira zaka zitatu ndisanalembe ndemangayi chifukwa ubwino wa chomera chimenechi suoneka m'miyezi yochepa. Mbandezo zinali zathanzi, za masamba olimba ngati chikopa, mizu yake yosapiringizana m'machubu, ndipo pa zimenezi ogulitsawo ndikuwayamikira.

Dandaulo langa lili pa kapepala ka malangizo, kamene kanangonena za dzuwa ndi kuthirira koma za feteleza sikanatchule n'komwe. Ine pofuna kuti zikule msanga ndinathira feteleza wamba wa maluwa pa Pink Ice imodzi, masamba ake anayamba chikasu, kenaka anada, ndipo pasanathe miyezi iwiri inali itauma. Zinandipweteka kwambiri nditadziwa chifukwa chake. Kwawo, m'mapiri a ku Cape m'dziko la South Africa, mitundu yambiri ya protea imamera m'dothi la mchenga, la asidi ndiponso lopanda chonde, choncho ili ndi timizu tambirimbiri tothithikana timene timayamwa chakudya ngakhale chochepa zedi, moti fosifolasi, imodzi mwa michere yopezeka mu feteleza wamba, ikachuluka imasanduka poizoni kwa mbewuyo. Wogulitsa aliyense ayenera kulemba chenjezo limeneli poyambirira penipeni.

Ziwiri zotsalazo ndinazisamala mosiyana. Zili pamtumbira wa dothi losakaniza ndi mchenga, pamalo owomba dzuwa tsiku lonse komanso opita mphepo, popeza madzi akadikha mizu imaola. Pansi ndinayala makungwa a paini, ndipo khasu silifika pafupi, udzu ndimazula ndi manja. Chaka choyamba ndinkathirira kawirikawiri, koma tsopano ndimathirira pokhapokha dothi likauma.

Pink Ice inachita maluwa m'chaka chachiwiri, pamene King Protea yatulutsa duwa lake loyamba chaka chino, ndipo nditaliona ndinamvetsa chifukwa chimene South Africa inalisankhira kukhala duwa la fuko mu 1976. Chimene timachitcha duwa kwenikweni ndi mutu wa timaluwa tambiri tozunguliridwa ndi masamba osongoka a pinki, ndipo mutuwo ukhoza kufika masentimita 30 m'mimba mwake, ngakhale wanga sunafike pamenepo. M'mawa timbalame ta milomo yaitali timabwera kudzamwa timadzi take totsekemera. Maluwa a Pink Ice amene ndinadula anakhala m'madzi masabata oposa awiri, kungoti masamba a paphesi anafulumira kuda, ndiye ndinkawachotsa.

Amene ali ndi dothi la makande losunga madzi ndikuwalangiza kuti abzale mumphika waukulu wobooka pansi. Ineyo ndikufuna kugulanso Pink Ice ina kuti ilowe m'malo mwa imene inauma ija.