Shoko yakumbuyo ikatopa: kuiphwasula nokha, kuitumiza kwa katswiri, kapena kugula ina?

Shoko yakumbuyo ya njinga yamoto yothamangira m'tchire siifa tsiku limodzi. Imatopa pang'onopang'ono, wokwera n'kumazolowera, mpaka kuiwala mmene inkayendera ili yatsopano. Ambiri timadzidzimuka tikaona oyilo akudontha pa shafiti, ndodo yachitsulo imene imalowa ndi kutuluka m'shoko, kapena tayala lakumbuyo likayamba kunjanja pa mabampu ang'onoang'ono, njinga n'kumakankha kumbuyo mukatera podumpha. Zikafika apa njira zilipo zitatu: kuitsegula nokha, kuipereka kwa katswiri wa mashoko, kapena kugula ina. Ine ndimati musanafunse chikwama chanu, funsani shokoyo, chifukwa mtundu wake ndi mmene shafiti ilili ndi zimene zimasankha njira.

M'kati mwa shoko mulibe zambiri. Muli oyilo wopepuka kwambiri, pisitoni yokhala ndi mabowo, ndi timawashala topyapyala ta chitsulo tosanjikizana pamwamba ndi pansi pa pisitoniyo, tomwe timapindika oyilo akamadutsa. Pambali pali kathanki ka naitirojeni, kamene pa mashoko ambiri a makampani a KYB, Showa ndi WP kamapopedwa pafupifupi 10 bar, kapena kuti 145 psi. Mpweyawu sunyamula njinga, imeneyo ndi ntchito ya sipuling'i. Ntchito ya mpweyawu ndi kupanikiza oyilo kuti asachite thovu akatentha, komanso kupereka malo shafiti ikamalowa. Mpweya ukathawa, oyilo amachita thovu, ndipo pisitoni ikamadutsa m'thovu palibe chimene chimaigwira.

Tiyambe ndi kutsegula nokha, pakuti apa ndi pamene pali nkhani. Zida zake si zachilendo: vayisi yokhala ndi zotetezera zofewa, masipanala, tupa, kachitsulo kosongoka kotulutsira timaring'i totsekera, hamala ya labala, oyilo wa mashoko ndi seal head yatsopano, chitsekero chokhala ndi masilo chimene shafiti imadutsamo. Mumayamba mwayeza kutalika kwa sipuling'i musanaimasule, muwerenge makiliki a zochunira zonse za kulimba kwa shoko n'kulemba, kenako mutulutse mpweya wonse. Ichi si chongonena mwamwambo. Shoko yotsegulidwa mpweya ukadalimo imaponya chitsulo kumaso. Mpweya ukatha, mumakankhira chivundikiro cha kathanki m'kati kuti karing'i kaoneke, mukachotse, ndipo chimodzimodzi ndi seal head: kuikankhira pansi, kuchotsa karing'i, kenako kuzula shafiti yonse. Oyilo amene amatuluka amanena zambiri. Akakhala ngati tiyi, mwachedwa pang'ono chabe. Akakhala wakuda, wonunkha ngati wapsa, wonyezimira ndi tizidutswa ta aluminiyamu, ndiye kuti pisitoni yayamba kudya khoma la shoko.

Pamene pamagwera anthu ambiri ndi pa nati ya kumapeto kwa shafiti. Ku fakitale amaphwanyira nsonga ya shafiti pa natiyo kuti isamasuke. Mukangoikakamiza ndi sipanala, mazinga onse amatha. Muyenera kupala kaye ndi tupa mbali yakunja yophwanyidwayo, mofatsa, osakhudza pakati, chifukwa pa mashoko ambiri a KYB ndi Showa kuphwanyako kumagwiranso kachitsulo ka m'kati mwa shafiti komwe kamayendetsa oyilo shoko ikamabwerera. Nati ikachoka, timawashala tonse tilowetseni pa waya mmene tatulukira, osasokoneza ndondomeko. Kamodzi kokha kakasintha malo, njinga yasintha khalidwe. Pobwezera, nati imafuna mankhwala omatira mazinga ndi kumangidwa pa mlingo umene buku la njinga lanena.

Pano palinso kusankha kwina kwakung'ono: kugula seal head yathunthu kapena masilo okha. Masilo okha ndi otsika mtengo, koma muyenera kuzula silo yakale ndi bushi, kamphete kamene shafiti imatereramo, mu seal head popanda kuikanda, ntchito yofuna dzanja lozolowera. Yathunthu, monga zimene amapanga a SKF kapena All Balls, imabwera zonse zili m'malo. Kwa woyamba kumene, yathunthu ndiyo yanzeru. Poilowetsa, phimbani mazinga a shafiti ndi kachipewa kosalala kopangidwira zimenezi, apo ayi mazingawo adula mlomo wa silo yatsopano isanagwire ntchito ngakhale tsiku limodzi. Kalabala kotchinga kumapeto kwa shafiti kasinthireni pompo, chifukwa sikatuluka popanda kuphwasula zonsezi, ndipo kakakalamba kamangofumbutuka.

Kenako kuchotsa mpweya mu oyilo. Ndi manja zimatheka: mumadzaza oyilo, mumalowetsa shafiti, mumaikankha mwamphamvu n'kuikoka pang'onopang'ono, mumaigogoda ndi hamala ya labala kuti timawashala titseguke n'kumasula timathovu tobisala, mumadikira, mumabwereza. Ndi ntchito yotopetsa, yofuna kuleza mtima kuposa nzeru. Pa shoko imene kathanki kake kali ndi chibaluni cha labala, monga KYB ndi Showa zambiri, njira imeneyi imapereka zotsatira zabwino ndithu. Koma mashoko ambiri a WP, amene amabwera pa KTM, Husqvarna ndi GasGas, ali ndi pisitoni yoyandama m'kathankimo m'malo mwa chibaluni. Pisitoniyo iyenera kukhala pa kuya kwake koyenera, ndipo njira imene WP imanena ndi yodzaza oyilo ndi pampu yokoka mpweya. Alipo amene amakwanitsa ndi manja, ena amaikamo chibaluni chogula padera, koma si malo ophunzirirapo.

Za chibaluni ndi pisitoni anthu amakangana kwambiri. Chibaluni chimayankha msanga pa timabampu chifukwa sichikhulana ndi khoma, koma mpweya umadutsa m'labala pang'onopang'ono n'kulowa mu oyilo. Pisitoni imasunga mpweya nthawi yaitali, kungoti silo yake imakhulana ndi khoma pang'ono. Wokwera wamba sangamve kusiyana kwake pamsewu wafumbi. Amakumva pa tsiku lokonza.

Chotsalira ndi naitirojeni, ndipo ichi ndi chimene chimalepheretsa ambiri. Botolo lake ndi geji yake n'zodula kwa munthu wa njinga imodzi. Njira yapakati ndi yakuti mumange zonse nokha, muonetsetse kuti timaring'i tonse takhala bwino m'mizere yake, kenako mupite nayo kwa amene ali ndi botolo akapope. Mpweya wamba wa pampu uli ndi naitirojeni 78 pa 100 alionse, ndipo ena amaugwiritsa ntchito zikavuta, koma uli ndi chinyezi. Okosijeni wa m'botolo lowotcherera zitsulo musayese n'komwe: akakumana ndi oyilo pa mphamvu yotere amaphulika.

Tsopano katswiri. Chimene mumalipira si manja ake okha ayi, komanso makina ndi maso. Ali ndi pampu ija yokoka mpweya, yomwe imachotsa ngakhale mpweya wosungunuka mu oyilo. Amadziwa kuona ngati lamba wa pisitoni watha, ngati khoma la m'kati lafufutika, ngati shafiti yapindika. Shafiti ikakhala ndi timaenje ta dzimbiri kapena yagomoka ndi mwala, silo iliyonse yatsopano idzadontha, ndiye apa kutsegula nokha n'kutaya oyilo pachabe. Yesani ndi chikhadabo: chikakodwa penapake, shokoyo ipite kwa katswiri akasinthe shafiti kapena akaikutenso ndi chrome. Iyeyu angathenso kusanja timawashala mwatsopano ndi kukusankhirani sipuling'i yolingana ndi thupi lanu, zimene n'zovuta kuzilota nokha. Kuipa kwake n'kodziwika: ndalama, njinga kukhala pa sitandi kudikira, komanso kusaona zimene zachitika m'kati. Si aliyense wodziwa injini amene amadziwa shoko. Mufunseni ngati ali ndi naitirojeni, oyilo amene athire ndi wotani, ndipo mupemphe kuti akubwezereni zakale zimene wachotsa. Wodziwa ntchito sakhumudwa ndi mafunso amenewa.

Kugula ina ndi njira imene imakopa koma kawirikawiri siifunika. Shoko ya Öhlins kapena ina yapamwamba ndi yabwino, palibe wotsutsa, koma nayonso ili ndi oyilo amene amakalamba, ndipo patapita nthawi mudzabwerera pa funso lomweli. Shoko ya fakitale ya njinga yampikisano, ikakonzedwa bwino n'kuikidwa sipuling'i yoyenera, imakwanira okwera ambiri. Yogwiritsidwapo kale ntchito ndiye muigule mukudziwa kuti mukaitsegulabe, ndipo muyeze kutalika kwake ndi mmene imamangidwira pansi, popeza zimasiyana chaka ndi chaka ngakhale pa njinga za dzina limodzi. Pomwe kugula kulibe mpikisano ndi pawiri: khoma la m'kati likadyeka kwambiri, ndi pa tinjinga tating'ono totsika mtengo tomwe mashoko ake ndi owotcherera, opanda potsegulira.

Ndiye ine ndimagawa chonchi. Shoko ya chibaluni, shafiti yosalala, pafupi pali wopopa naitirojeni: tsegulani nokha, ndipo muzitero kawirikawiri, pakuti oyilo ndi wotsika mtengo kuposa khoma la shoko. Amipikisano amasintha pakatha maola makumi ochepa chabe, ife ena kamodzi pachaka si kuwonjeza. Shoko ya pisitoni yoyandama, kapena shafiti yokanda chikhadabo, kapena mukufuna kuti njinga isinthe khalidwe: katswiri. Kugula kubwere pomaliza.

Njira iliyonse imene mwasankha, shoko ikachoka panjinga musasiye linkeji, timikono tolumikiza pansi pa shoko ndi njinga, osaiona. Kwezani swingarm, mkono wogwira tayala lakumbuyo, ndi dzanja mumve ngati ikugwedera kapena kukakamira. Mabering'i a pamenepo amamwa madzi ndi matope, makamaka ya pansi pa shoko, ndipo akauma amachititsa njinga kugunda ngati shoko yafa pomwe ili bwinobwino. Atsukeni, muwapake girizi wosalowa madzi, othetheka muwasinthe. Njinga za KTM za PDS, zomwe shoko yake imamangidwa mwachindunji pa swingarm, zilibe linkeji, koma bering'i ya pansi pa shoko nayo imatha. Mukabwezera zonse, yezani mmene kumbuyo kumatsikira mutakwera ndi zovala zanu zonse: pa njinga zazikulu za linkeji kumakhala pafupifupi mamilimita 100 mpaka 105, ndipo njinga ili payokha itsike mamilimita 30 mpaka 40. Mukapeza nambala yoyambayo koma yachiwiri n'kukana, vuto ndi sipuling'i yosayenera kulemera kwanu, ndipo imeneyo mungasinthe nokha osatsegula shoko.