Maphunziro okodola gitala ku Rosettenville, mmene ndawaonera ine

Anzanga angapo a ku tchalitchi akhala akundifunsa za madala achimalawi aja amaphunzitsa gitala ku Rosettenville kuno ku Johannesburg, kuti kodi ndi oyenera kuwapatsa ndalama kapena bola kungoonera mavidiyo pa YouTube. Ine ndikuti pitani, koma mupite mukudziwa kuti chomwe mukulipira kwenikweni si ola lija la Lamlungu masana ayi, ndi ndondomeko yomwe amakupatsani yoti muzichita panokha tsiku lililonse, ndipo ngati simungapeze mphindi 30 patsiku ndiye ndalamayo ingosungani mutumize kumudzi.

Iwowa amaphunzitsa kukodola ndi zala, fingerstyle, osati kukwapula mawaya onse pamodzi muja timachitira pa kwaya. Tsiku loyamba anandiuza kuti ndigwire chord ya C basi, dzanja lamanzere lisasunthe, chala chachikulu cha kumanja chokha chizidumpha pakati pa waya wa A ndi wa D, metronome (kachipangizo kogunda liwiro la nyimbo) ya pa foni ikugunda ka 60 pa mphindi. Kwa munthu woti umaimba kale zimaoneka ngati akukuchedwetsa, koma apa ndi pomwe pali nkhani yonse, chifukwa chala chachikulu chikapanda kuyenda pachokha osachiganizira, zala zinazo zikangolowa bass imasokonekera, umayamba kuthamanga malo ophweka nkumachedwa malo ovuta. Ndiye mphindi 5 zoyamba tsiku lililonse ndi za chala chachikulu, palibe kukambirana.

Zikatero mphindi 10 ndi za zala zitatu zija, chamkombaphala pa G, chapakati pa B, chachinayi pa E yaing'ono. Apa amagwiritsa ntchito ma exercise 120 a dzanja lamanja omwe analemba Mauro Giuliani wa ku Italy zaka zoposa 200 zapitazo, onsewo amangozungulira pa ma chord awiri, C ndi G7. Sakupatsani onse, amakusankhirani awiri kapena atatu pa sabata. Chomwe ndinakonda ndi lamulo lawo loti liwiro simukweza mpaka mutaimba katatu kotsatizana popanda waya wolira moipa, ndipo mukakweza ndi pang'ono chabe, kuchoka pa 60 kufika pa 64, mukaphonya mumabwerera pomwe munali. Amayang'ananso phewa ndi mkono, akaona kuti mwalimbitsa amakuimitsani nkukuuzani kuti achimwene tapumani kaye, dzanja likapweteka simukuphunzira kanthu.

Koma gawo lomwe ndimaliyembekezera ndi mphindi 10 zotsatira, za khutu. Mumatenga nyimbo yomwe mukuidziwa kale, ya mu buku la nyimbo za tchalitchi kapena ya kumudzi, mumaiimba ndi pakamwa kaye kenako nkuifufuza pa mawaya awiri ang'onoang'ono, opanda pepala, opanda tab (manambala osonyeza pogwira pa mawaya). Mukaipeza ndi pomwe mumalowetsa bass pansi pake. Zimavuta abale, sabata yonse mutha kukhala pa mzere umodzi, koma tsiku lomwe nyimbo ndi bass zagwirizana gitala imodzi imamveka ngati muli anthu awiri. Ndipo madalawa sakuphunzitsani ngati kuti kukodola kunayambira ku America kokha. Travis picking, njira yokodolera ija inatenga dzina la woimba wa ku America Merle Travis, amaiphunzitsa inde, koma amakumvetseraninso Daniel Kachamba wa ku Chileka, ndi Jean Bosco Mwenda wa ku Congo yemwe Hugh Tracey, wojambula nyimbo za mu Africa, anamujambula mu 1952, Mwendayo ankakodola ndi zala ziwiri zokha, chachikulu ndi chamkombaphala. Amakuuzaninso kuti mutchere khutu kwa anyamata a maskandi, nyimbo za gitala za Chizulu, omwe ali ponseponse mu Joni muno, mumve mmene amayambira nyimbo ndi gitala yokha asanalowe oimba ena. Kwa ine zimenezi zinandilimbitsa mtima kwambiri chifukwa ndi kaimbidwe komwe makutu athu anakula nako.

Mphindi 5 zomaliza mumaimba chilichonse chomwe mwachidziwa bwino, kuyambira poyamba mpaka pomaliza osaima ngakhale mulakwitse, foni ikujambula. Lachisanu mumawatumizira pa WhatsApp.

Ndipo dandaulo langa lili pomwepo. Amachedwa kuyankha, nthawi zina voice note yawo imafika Lamlungu mmawa pomwe mwatha kale masiku awiri mukubwereza cholakwika chomwecho. Chipinda chomwe amaphunzitsiramo ndi chaching'ono ndipo akakuikani atatu nthawi imodzi ma metronome amasokonezana, ndiye ngati mungathe pemphani ola la nokha ngakhale mtengo ukwereko. Komanso kuwerenga manotsi saphunzitsa kwenikweni, ofuna mayeso a classical apa si malo anu.

Zina zing'onozing'ono zomwe amadziwa chifukwa nawonso akhala moyo wathu womwewu, ambirife timakhala mu ka rumu ka kuseri kapena flat yogawana ndipo timaweruka mochedwa, ndiye anationetsa kulowetsa sokosi pansi pa mawaya pafupi ndi bridge, pomwe mawaya amamangidwa pa thupi la gitala, gitala imangolira chapansipansi koma zala zikugwira ntchito yonse, aneba osadandaula. Nthawi yozizira ya June ndi July amati yambani mwaviika manja mmadzi ofunda, ndipo gitala musaiike pafupi ndi hita chifukwa mpweya wa kuno ndi wouma kale, thabwa limatha kung'aluka. Kwa anzathu omwe ali pa ntchito zomanga ndi za mmagadeni zikhadabo sizikhalitsa, iwo amati palibe vuto, kodolani ndi mnofu wa chala, mawu amangokhala ofewerapo basi.

Gitala mubwere ndi yanu, alibe zobwereketsa. Ngati simunagule, yambani ndi ya mawaya a nayiloni, siipweteka zala kwambiri ndipo mawaya ake ndi otalikirana bwino moti zala zakumanja zimalowa mosavuta. Ofuna kudziwa malo ake enieni mundipeze Lamlungu tikaweruka mapemphero, titha kupitira limodzi.