Gitala ya metal ya mtengo wotsika patatha miyezi 14: thabwa lapirira, zitsulo ndizo zatopa

Gitala yomwe tikuinenayi ndi ya mtundu uja unatchuka m'zaka za m'ma 1980 pakati pa oimba heavy metal: thupi la thabwa la poplar, khosi la maple lomangidwa ndi mabawuti anayi, ma fret (tizitsulo topingasa pa khosi) 24 akuluakulu, ma pickup (tizipangizo totola mawu a nsambo) awiri a mtundu wa humbucker a maginito a ceramic, ndi bridge (chitsulo chogwira nsambo pa thupi, chokhala ndi ndodo yochigwedezera ndi masipuling'i kumbuyo) yotengera kapangidwe ka Floyd Rose koma yosapangidwa ndi eni dzinalo. Kuchokera pa nut (chopanira nsambo kumapeto kwa khosi) kufika pa bridge pali mamilimita 648. Yaimbidwa pafupifupi tsiku lililonse, yadutsa dzinja limodzi ndi chilimwe chimodzi.

Khosi ndilo chuma cha gitalayi. Ndi lopyapyala, kumbuyo kwake kulibe vanishi wonyezimira woti nkumata dzanja likachita thukuta, ndipo pamwamba pake mpozungulira pang'ono kufupi ndi nut koma pathyathyathya kuyambira fret 12 kupita mtsogolo. Mukhoza kutsitsa nsambo mpaka mamilimita 1.5 ku nsambo yaing'ono ndi 2 ku yaikulu, poyeza pa fret 12, osamva kukhotchola kulikonse, ngakhale mutakoka nsambo mwamphamvu poimba solo.

Nyengo imaligwedeza ndithu. Mvula ikakhazikika thabwa limamwa chinyezi, khosi limapindikira kumbuyo, nsambo nkuyamba kugunda ma fret asanu oyambirira. Mankhwala ake ndi kukhwefula truss rod (chitsulo chowongolera cha m'kati mwa khosi) kota imodzi, kudikira tsiku, nkuyezanso. Kanikizani nsambo yaikulu pa fret 1 ndi pa fret 17. Mpata wa pa fret 8 ukhale ngati mamilimita 0.25. Kutentha kwa mu Okutobala kumabwera ndi zosiyana: thabwa limanyala, nsonga za ma fret zimatuluka m'mbali nkumakanda chala. Tupa laling'ono ndi tepi yoteteza thabwa zimathetsa nkhaniyo kamodzi kokha.

Tsopano bridge, pomwe pagona nkhani. Miyezi isanu ndi umodzi yoyamba inkabwerera pamalo pake bwinobwino. Pofika mwezi wa khumi, mukakankha ndodo pansi nkuisiya, nsambo zonse zimatsala m'munsi pang'ono. Mukaikokera m'mwamba zimatsala pamwamba. Chifukwa chake nchapafupi. Bridge yonse imatsamira pa mipeni iwiri (nsonga zake zakuthwa) yomwe imagunda mizati iwiri, ndipo pa ma bridge otsanzirawa chitsulo chake sichikhala cholimba ngati cha enieni. Mukaichotsa nkuyang'ana powala, muona msonga ya mpeni itaphwatalala, ili ndi kamzere konyezimira pamene panayenera kukhala pakuthwa. Chomwe chimafulumizitsa kuthaku ndi kupotokola mizati nsambo zili chokokera. Musatero. Khwefulani nsambo kaye, kenako kwezani kapena tsitsani. Kadontho ka girisi pa mpeni uliwonse posintha nsambo kamatalikitsa moyo wake.

Mabawuti atatu a pa nut ndi aja ogwira nsambo pa bridge amafuna Allen key ya mamilimita 3. Anthu amawamanga ngati a tayala la galimoto, mazinga nkutha, kapena kachitsulo kopanira nsambo nkung'aluka. Likangogwira, onjezerani pang'ono basi.

Gitalayi siikonda munthu wosinthasintha kachunidwe. Inabwera ndi nsambo za 9 mpaka 42 pa E. Kuitsitsira ku D kumafuna 10 mpaka 52, ndipo Drop C (kachunidwe kotsika kwambiri, nsambo yaikulu pa C) imakhala bwino ndi 11 mpaka 56, apo ayi nsambo yaikulu imangolendewera ngati chingwe choyanikapo zovala. Kusintha kulikonse kukutanthauza kutsegula kumbuyo, kutchinga bridge ndi kathabwa kuti ikhale chogona mofanana ndi thupi, kuchuna, kenako kumanga kapena kukhwefula zomangira ziwiri zokoka masipuling'i mpaka kathabwako katagwa kokha. Ikani timabawuti tochunira ta pa bridge pakatikati musanatseke nut. Ndi ntchito ya ola lathunthu. Ndipo nsambo imodzi ikaduka pakati pa nyimbo, zisanu zotsalazo zimakwera zonse, moti pa siteji pafunika gitala yachiwiri.

Kumbali ya mawu, ma pickup ndi aukali mokwanira. Pa E ndi pa D, mukaphimba nsambo ndi chikhatho, kugunda kwake kumamveka kolimba, kouma bwino. Pa Drop C mawu apansi amayamba kuphatikana ngati phala, ndipo ambiri amalakwa poonjezera gain (ukali wa mawu pa amp). Ichepetseni, ikani pedo ya mtundu wa Tube Screamer kutsogolo kwa amp, drive pa 0, level pamapeto. Imadula mawu apansi ochulukawo asanalowe. Kutsitsa pickup ya ku bridge kufika mamilimita 2.5 kuchokera ku nsambo yokanikizidwa pa fret yomaliza kumathandizanso. Popanda distortion pickup imeneyi ndi yolasa m'makutu. Ya ku khosi ndiyo yabwinoko.

Kulira kwa ng'ung'ung'u kuli ndi magwero awiri: m'kabowo ka mawaya mulibe chotchinga, komanso soketi ya m'nyumba zambiri ilibe waya wa earth. Choyambacho chimatha ndi tepi ya kopa yolumikizidwa ku ground. Pobayira chingwe pamakhwefuka miyezi iwiri iliyonse, ndipo mukamanga nati yake osagwira mkati, waya umapotoka nkuduka. Chokwezera mawu chayamba kukhwekhwereza chifukwa cha fumbi.

Woti aikepo ndalama ayambe ndi bridge, osati ma pickup. Bridge ya Gotoh GE1996T ndi ya chitsulo cholimba, koma yezani kaye mpata wa pakati pa mizati ndi kukula kwa dzenje, poti nthawi zina pamafunika kubowolanso. Amene sagwira ndodo nkomwe angomatira kathabwa mbali zonse ziwiri za chitsulo cha masipuling'i, bridge iime nji, ndipo Drop C ndi E zidzakhala nkhani ya mphindi zochepa.