Kamakina kowotcherera ka inverter kolembedwa 200A, kamagwira ndithu koma nambalayo musaikhulupirire kwambiri

Kwa amene muli pa changu ndinene kaye mwachidule, kamakina aka ndi kabwino pa mageti, mafulemu a mawindo, mashelefu ndi kulumikiza zitsulo zothyoka, bola muzigwiritsa ntchito marodi a 2.5mm kapena 3.2mm. Zimene kamabwera nazo m'katoni zambiri ndi zotaya, ndipo 200A (ma amp 200, kukula kwa moto wake) yolembedwa m'mbali ija ndi yapakamwa chabe.

Ndi aja ma inverter ang'onoang'ono a lamba wapaphewa, munthu umanyamula ndi dzanja limodzi n'kukwera nako pamakwerero osatuluka thukuta. Amene munazolowera zimakina zakale za transformer zija zongong'ung'udza pakona mudzaona kusiyana pa rodi yoyamba, chifukwa zija zambiri zimatulutsa AC pomwe aka kamatulutsa DC, moto wake ndi wodekha ndipo sukuthetheka kwambiri. Apa pokha ndiye ndilibe nako mlandu.

Kulumikiza sikovuta. Kutsogolo kuli mabowo awiri, la + ndi la −, mumalowetsa pulagi ya kebulo n'kupotokola mpaka italimba zenizeni, osati kungogwirizira, chifukwa ikakhala yogwedera pamatentha mpaka bowolo kupsa ndiye muziti makina ndi oipa. Nthawi zambiri holda (chogwirira rodi) imapita ku + ndipo earth (kebulo yomangirira pachitsulo chomwe mukuwotcha) ku −, moto umalowa kwambiri m'chitsulo mukatero. Pa tizitsulo topyapyala ngati ma tube a 1.5mm mutha kutembenuza, holda ku −, kuti musamangoboola, rodi ya 6013 imalola mbali zonse ziwiri. Earth muziimangirira pachitsulo chowala pafupi ndi pomwe mukuwotcha, palani penti ndi dzimbiri ndi grinder kaye. Anthu ambiri amene amadandaula kuti rodi ikungomatirira vuto limakhala earth yoluma pa penti basi.

Tsopano za m'katoni. Makebulo ndi aafupi moti makina amayenera kukhala pamapazi pako, ndipo ukapala waya wake ndi mpeni mkati mumaoneka moyera, kusonyeza kuti ndi aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa pamwamba, ndiye amatentha msanga. Kilampu ya earth nayo ndi kachitsulo kopyapyala sipuling'i yake yofooka. Ine ndinachotsa zonsezi n'kuika kebulo ya kopa weniweni ya 25mm² ndi kilampu yolimba, makina anasintha khalidwe tsiku lomwelo. Chigoba chogwira pamanja chimene amaikamo chija musavutike nacho, wophunzira amafunika manja onse awiri, pezani helmeti yodzidetsa yokha ya shedi 9 mpaka 13 muziika pa 10 kapena 11.

Za 200A zija tiyeni tiwerengere limodzi, si nkhani yongomva. Pa 200A moto wa rodi umakhala pafupifupi 28V, mukachulukitsa mupeza ma watt 5,600 otuluka, ndipo makina nawo amadya ake pang'ono ndiye ku khoma akukoka kuposa pamenepo, pa magetsi a 230V ndi pafupifupi 30A kapena kudutsa. Pulagi wamba ya m'nyumba ndi ya 13A kapena 16A. Ndiye mukaona makina a pulagi wamba akunena kuti 200A dziwani kuti kaya nambalayo ndi yokometsera kaya breaker igwa musanamalize rodi. Kanga ndikakapotokola mpaka kumapeto kagalasi kamalembadi 200 koma rodi ya 4.0mm imasungunuka monyinyirika, moto wake ukungofanana ndi umene makina akuluakulu amapereka pa 140 kapena 150. Choncho manambala a pagalasi muziwatenga ngati poyambira, zoona zake muziona pa chitsulo.

China chimene ogulitsa sakonda kufotokoza ndi duty cycle, ili pa kachikwangwani kumbuyo kapena pansi pa makina. Amawerengera pa mphindi 10, ndiye ikalembedwa 60% ndiye kuti muwotche mphindi 6 makina apume 4, ndipo ma amp akakwera peresentiyo imatsika. Pa marodi a 2.5mm sikanandizimirepo chifukwa nthawi yosintha rodi ndi kugogoda silagi (chikhungwa chouma chotsala pamwamba pomwe mwawotcha) imakwana kupumira, koma pa 3.2mm motsatizana kukutentha kanyali kachikasu kamayaka n'kudula moto. Kakatero musathimitse pa switch, siyani fani izizungulira mpaka nyaliyo izime yokha.

Marodi ndiye nkhani yeniyeni, ndipo apa ndichedwapo pang'ono chifukwa makina abwino ndi rodi yolakwika ntchito imatuluka yonyansa basi. Manambala aja ali ndi tanthauzo, pa E6013 60 akunena kulimba kwa chowotchereracho, 60,000 psi, 1 akunena kuti imawotcha mbali zonse kaya chogona, choimirira kapena pamwamba pa mutu, ndipo nambala yomaliza ikunena za chikuto chake ndi mtundu wa magetsi. Pa kamakina aka 6013 ndiye kwawo, imayaka msanga, ukaithimitsa imayakanso popanda mkangano, ndipo ma amp akakhala bwino silagi imadzisenda yokha chitsulo chikamazizira. Ya 2.5mm imafuna 60 mpaka 90A, ya 3.2mm 90 mpaka 130A, koma onaninso pa paketi chifukwa opanga amalemba. Choipa chake silowa kwambiri m'chitsulo ndipo pakona silagi imakonda kuthamangira kutsogolo kwa moto, ukagogoda upeza mbali ziwiri zawotcheka pakati pali mzere wa silagi, izi zimachitika kwambiri ma amp akachepa kapena rodi ikatalikira.

E7018 ndinkakayika ngati kangaikwanitse koma kakuyendetsa bwino ndithu, holda ku +, ma amp okwererapo pang'ono kuposa a 6013. Iyi ndi ya zinthu zonyamula katundu ngati ngolo, mabulaketi ndi zitsulo zochindikala, 70,000 psi ndipo siisweka chisawawa. Koma ndi yamanyado, imadana ndi chinyezi kwambiri, paketi ikakhala yotsegula nthawi yaitali chikuto chimamwa madzi ndiye mumapeza timabowo ngati tobayidwa ndi singano pa ntchito yonse, komanso hydrogen amene amadzang'ambitsa chitsulo pambuyo pake. M'mafakitale amaisunga mu uvuni pa 120°C kapena kuposerapo, ife a ntchito zing'onozing'ono bola kugula paketi yaing'ono yomata bwino n'kuimaliza msanga. Ikazima kunsonga kumaundana kanthu kolimba ngati galasi, kakhuleni pa fayilo kapena kutswanya ndi golovesi musanayatsenso, apo ayi muzingogogoda osayaka.

E6010 ndiye iwalani, kakukana. Moto umangoduka ukangokweza dzanja pang'ono, ndipo si aka kokha, ma inverter ang'onoang'ono ambiri saikwanitsa chifukwa imafuna voteji yokwera. Ngati mukufuna rodi yolowa kwambiri pa chitsulo cha dzimbiri yesani 6011, imeneyo kamayesetsako. Stainless ili ndi yake monga E308L, cast iron nayo imafuna rodi ya nickel ndi kutenthetsa chitsulo kaye, 6013 pamenepo ingong'ambika ikamazizira.

Kawotchedwe kake, poyatsa muzikhwekhwereza rodi ngati mukuyatsa machesi kenako kwezani pang'ono, mpata pakati pa rodi ndi chitsulo ukhale wofanana ndi kunenepa kwa waya wamkati mwa rodiyo, rodi ya 2.5mm mpata 2.5mm basi. Ipendekeni pang'ono, madigiri 10 kapena 15, mbali ya holda iweramire komwe mukupita, muzikoka osati kukankha, ndipo maso akhale pa chitsulo chosungunukacho osati pa kuwala. Rodi ikamafiira isanathe ndipo m'mbali mukukumbika ngalande ma amp achuluka, ikamangomatirira ndipo mzere ukutuluka wotukuka ngati wangokhala pamwamba ndiye achepa. Kali ndi hot start yowonjezera moto poyatsa ndi anti-stick yodula moto rodi ikamatirira, zonsezi zikugwiradi, ungopotokola holda rodi yachoka isanafiire. Arc force, yowonjezera moto rodi ikayandikira kwambiri chitsulo, alemba kuti ilimo koma palibe poisinthira, ndikanakonda ikanakhala ndi kabatani kake chifukwa pa tizitsulo topyapyala imakankha moto nthawi yolakwika n'kuboola.

Za chitetezo sindichulutsa. Magolovesi achikopa ouma, malaya a thonje a manja aatali osati a nayiloni, chifukwa kuwala kuja kumawotcha khungu komanso maso, ndipo maso amayamba kupweteka patapita maola angapo ngati mwalowa mchenga. Musasinthe rodi ndi manja onyowa kapena mutaima pamadzi, holda imakhala ndi magetsi ngakhale simukuwotcha. Chitsulo cha galvanized palani zinki kaye ndipo muwotchere panja, utsi wake woyera uja umadwalitsa, kutentha thupi ndi kunjenjemera usiku wake. Mgolo kapena thanki yomwe munali mafuta musaiyandikire n'komwe ngakhale ikuoneka youma.

Chodandaula changa china ndi fani, imangozungulira nthawi zonse makina akayaka ndiye imakoka fumbi lonse la grinder kulowetsa mkati, ndipo fumbi lachitsulo pa bolodi ya magetsi yamkati ndi limene limapha ma inverter, mosiyana ndi zimakina za transformer zija zosamva kanthu. Muzikaika patali ndi pomwe mukupala, osati pansi pomwe zothetheka zikugwera, ndipo nthawi ndi nthawi zulani pulagi, dikirani pang'ono n'kukapemerera ndi mpweya wa kompuresa. Ekisitenshoni ikhale ya waya wa 2.5mm² kupita m'mwamba ndipo muitambasule yonse, yokulungidwa imatentha ndipo moto umafooka. Pa jenereta samalani kwambiri, yaing'ono imatsamwa rodi ikangogunda chitsulo kenako voteji imalumpha mukasiya, kulumpha kumeneko ndi kumene kumawotcha bolodi. Pezani ya 6 kapena 7 kVA yokhala ndi AVR (chokhazikitsa voteji), iyambe yalira n'kukhazikika musanayatse makina, ndipo pomaliza muyambe mwathimitsa makina kenako jenereta.