Madayi a .357 ndi .44 Magnum: ndalama muyiike pa crimp

Mwana wa mlongo wanga amene akugwira ntchito ku Johannesburg anandiimbira foni sabata yatha ndili m'munda wa nthochi kuno ku Thyolo. Iye wapeza chilolezo cha revolver ya .357 Magnum yochitira masewera owombera chandamale, ndipo funso lake linali lalifupi: “Amalume, madayi ndigule a Lee kapena a RCBS?” Madayi ndi zitsulo zimene zimamangidwa pa makina otchedwa pulesi popakiranso zipolopolo, ndipo Lee ndi RCBS ndi makampani owapanga. Ndinagwira ntchito yausula ku Joni zaka zambiri ndisanabwerere kwathu, ndipo nthawi yonseyo ndinkadzipakira ndekha zipolopolo za .357 ndi .44 Magnum monga lamulo la kumeneko limalolera munthu wachilolezo. Kwathu kuno mfuti ndi zipolopolo zili ndi malamulo ake, ndipo woganiza za ntchitoyi ayambire kupolisi, osati kusitolo. Zimene ndinamuyankha mnyamatayo ndaona kuti ndizilembe mokwanira.

Madayi a makampani akuluakulu onse ali ndi thread (mizere yomangira) imodzi, ya 7/8-14, choncho dayi ya Lee imalowa bwinobwino pa pulesi ya RCBS, ndipo pamenepa palibe chodetsa nkhawa. Seti wamba imakhala ndi madayi atatu, ndipo ntchito zake ndi izi: yoyamba imabwezeretsa chigoba chamkuwa pa muyeso wake ndi kutulutsa primer (kachitsulo koyatsa onga) yakale, yachiwiri imakuza pang'ono kukamwa kwa chigobacho, yachitatu imakhazika mutu wa chipolopolo n'kupinda mlomo wa chigobacho, kupinda kumene kumatchedwa crimp. Pa dayi yoyamba palibe mkangano, gulani ya carbide, yokhala ndi mphete yolimba kuposa chitsulo wamba. Zigoba za magnum n'zowongoka m'mbali, ndipo mphete ya carbide imazipsinja popanda kuzidzoza mafuta, pamene dayi yachitsulo wamba imafuna kuti chigoba chilichonse muchidzoze kenako muchipukute. Ndinayamba ndi dayi yachitsulo wamba imene ndinagula kwa munthu wina, ndipo mpaka lero ili pawindo la kuchipinda kwanga. Chiperoni cha kuno chinaipatsa dzimbiri m'miyezi yochepa, moti mukaiyang'ana padzuwa mkati mwake muli timaenje tofiira ngati pa khasu logonera panja. Dayi iliyonse, ngakhale ya carbide, thupi lake ndi chitsulo ndithu, ndipo imafuna kupakidwa mafuta ochepa isanabwezedwe m'bokosi lake.

Nkhani yeniyeni ili pa dayi yomaliza. Revolver ya magnum ikalira imakankha mwamphamvu kubwerera m'mbuyo, ndipo zipolopolo zotsala mu silinda, gawo lozungulira limene zimakhalamo, zimakokedwa nayo pamodzi, pamene mitu yake, chifukwa cholemera, imafuna kutsalira pomwe inali. Mlomo wa chigoba ukakhala kuti sunagwire bwino, mutu umasololoka pang'onopang'ono pa kuwombera kulikonse mpaka umatulukira kutsogolo kwa silinda, ndipo silindayo imakana kuzungulira. Zinandichitikira tsiku lina ndi .44 Magnum pa chipolopolo chachisanu. Nditayang'ana, nsonga yamtovu inali itasuzumira panja kwa utali wosaposa chikhadabo, koma mfuti yonse inali itaima. Cholakwa chinali changa, pakuti ndinali nditapinda mlomo mwaulemu ngati ndikupakira .38 Special. Chimene magnum imafuna ndi roll crimp, kupinda kumene kumalowetsa mlomo wa chigoba m'kangalande kozungulira mutu wa chipolopolo, osati taper crimp, imene imangofinya mlomo, ya mapisitolo onga 9mm.

Pa chifukwa chimenechi ndinamuuza mnyamatayo kuti atenge seti ya Lee ya madayi anayi, ya m'bokosi lofiira. Ubwino wake waukulu ndi wakuti kukhazika mutu ndi kupinda mlomo zimachitika pa madayi awiri osiyana. Zikachitikira pamodzi, mlomo umayamba kutsekeka mutu usanamalize kutsika, ndipo wongoyamba kumene amameta mtovu kapena kukwinya chigoba osadziwa kuti walakwitsa pati. Seti imeneyi imabweranso ndi shell holder yake (kachitsulo kogwira chigoba pa pulesi), pamene kwa RCBS mumagula padera, ndipo mtengo wake ndi wotsikirapo. Pali chenjezo limodzi limene sindinamubisire. Factory Crimp Die ya Lee, imene ndi dayi yachinayi ya setiyi, ili ndi mphete ya carbide kukamwa kwake imene imapsinjanso chipolopolo chomalizidwa kuti chilowe mosavuta mu silinda. Pa mitu yokutidwa ndi mkuwa zimenezi n'zothandiza, koma wogwiritsa mitu yamtovu yonenepa pang'ono, imene ena amaisankha dala kuti igwirizane ndi mfuti yawo, angapeze kuti mphete ija yaichepetsa. Woteroyo agule dayi ya Profile Crimp ya kampani ya Redding payokha, imene imapinda mlomo mwaukhondo kuposa dayi ina iliyonse imene ndinaigwirapo, ngakhale kuti ndalama zake n'zochulukirapo.

Seti ya RCBS ya madayi atatu sindikuinyoza, pakuti ndiyo ndinakhala nayo nthawi yaitali. Kampaniyi ndi yakale, inayamba mu 1943 ku Oroville, California, ndipo msula aliyense akaigwira dayi yake m'manja amamva kuti inasulidwa mosamala. Nati yake yomangira ili ndi kasikuluwu kotsekera, kotero muyeso umakhala pomwepo ngakhale mutaichotsa pa pulesi kambirimbiri. Ya Lee imadalira kamphira, ndipo imafuna kuti pochotsa mugwire natiyo osati thupi la dayi. Seti ya RCBS imabweranso ndi wosha wothandiza amene amapakira .38 Special ndi .357 Magnum pa seti imodzi. Pamene .357 Magnum inatuluka mu 1935, chigoba chake chinatalikitsidwa ndi mamilimita atatu ndi pang'ono kuposa cha .38 Special kuti chisalowe m'mfuti zakale zosalimba, ndipo woshayo amakweza dayi ndi muyeso woterowo kuti musamayambirenso kutchera nthawi iliyonse. Kwa munthu wa manja ozolowera, madayi atatuwa ndi okwanira ndithu, ndipo ine ndinkangowonjezerapo dayi yachinayi ya crimp.

Chomaliza chimene ndinamuuza n'chakuti pa ndalama zimene apulumutse pogula Lee agulepo kalipa yoyezera ndi chida chodulira zigoba. Roll crimp imadalira utali wa chigoba. Chachitali chimapindika mopyola muyeso, chachifupi chimatsala chosagwira, ndipo palibe dayi imene ingakonze zimenezo. Muyeso wa onga ndinamukaniza kuufunsa kwa ine kapena kwa anzake a ku kalabu, ndinati autenge m'buku la opanga ongawo. Dzulo wanditumizira chithunzi cha zipolopolo zake zisanu ndi chimodzi zoyesera, zopanda onga ndi primer, zitaimikidwa pathebulo. Pa chachitatu mlomo sunalowe m'kangalande, ndipo ndamuuza kuti ayeze chigobacho asanakhudze dayi.