Ketulo, Smokey Mountain kapena kamado: ndi iti imasunga moto usiku wozizira?

Chidale cha ng'ombe kapena phewa la nkhumba sizifuna changu. Zimafuna maola 10, nthawi zina 14, pa moto wodekha wa m'mbaula yowambira nyama, wa madigiri Celsius a pakati pa 107 ndi 121, mpaka mkati mwa nyamayo mutafika cha m'ma 93 kapena 95 ndipo mitsempha yonse itafewa. Kunja kukamatentha ntchitoyi siivuta kwenikweni: umayatsa makala, kuchepetsa mpweya pa tizitseko tolowetsa mpweya m'mbaulayo, n'kumangoyendera apo ndi apo. Koma kukazizira mbaula yomwe ija imasintha khalidwe. Ndawambirapo nyama pa mitundu itatu ya mbaula, ketulo, Smokey Mountain ndi kamado, kwa nyengo zingapo zozizira, ndipo ndikufuna kuti amene akuganiza zogula, kapena amene akulimbana ndi yomwe ali nayo kale, aone pomwe iliyonse imalimba ndi pomwe imagonja.

Chimene ndinachedwa kuchimvetsa n'chakuti chovuta kwambiri ndi mphepo, kuposa kuzizira kwenikweniko. Kukazizira koma kuli bata, kutentha kumatayika pang'onopang'ono ndiponso mofanana, ndiye makala owonjezera amabweza zotayikazo. Mphepo imawononga pawiri. Imaziziritsa chitsulo, komanso imalowa pa tizitseko ta pansi n'kukoleza moto. Choyezera kutentha chimatsika, iwe n'kutsegula mpweya, mphepo n'kuwomba, moto n'kulusa, iwe n'kutseka, moto n'kufooka. Ukhoza kuchezera usiku wonse ukuchita zomwezo. Choncho pa mbaula iliyonse ndimayamba ndafunsa kuti mphepo ikaipeza imatani.

Ketulo ya kampani ya Weber, mbaula yozungulira yachitsulo yokhala ndi chivindikiro, yomwe George Stephen anaipanga mu 1952, ndi imene ambiri timayambira. Ya masentimita 57 imawamba bwino ukayala makala ngati njoka: mizere iwiri ya mabriketi (makala oumbidwa ku fakitale) mozungulira m'mphepete, ina iwiri pamwamba pake, timitengo ta utsi apa ndi apo, n'kuyatsa mbali imodzi yokha kuti moto uzikwawa. Njirayi ndimaikonda, koma mphamvu yake yagona pa kuyaka kwa makala ochepa nthawi imodzi, ndipo kukazizira makala ochepawo sakwanira kutenthetsa chitsulo chopyapyala chija. Ukanenepetsa njokayo kuti moto ukule, imadya makala ambiri ndipo malo oikapo nyama amachepa. Ukatsegula mpweya wonse, njokayo imatha nyama isanapse. Komanso moto ukamayenda umafunika kutembenuza chivindikiro kuti kabowo ka utsi kakhale mbali yotalikirana ndi moto, apo ayi utsi umangotuluka osadutsa pa nyama. Pa nthiti za maola 5 kapena 6 ketulo imakwanitsa ngakhale kukuzizira, bola ikhale pobisika. Pa chidale cha usiku wonse sindimaidalira.

Weber Smokey Mountain, yomwe inatuluka mu 1981, inapangidwira ntchito imeneyi. Ndi yoimirira, makala amakhala pansi m'bwalo lachitsulo, pakati pali beseni la madzi, nyama pamwamba. Ili ndi tizitseko titatu pansi ndi kamodzi pa chivindikiro. Ukadzaza bwalo lija ndi makala osayatsa n'kuthirapo ochepa oyaka pamwamba, njira imene imadziwika ndi dzina la Jim Minion, moto umatsika wokha kwa maola ambiri. Tizitseko titatuto n'tothandiza kwambiri pa mphepo: umatseka koyang'ana kumene mphepo ikuchokera, n'kumayendetsa moto ndi tiwiri totsalato.

Vuto lake lili m'beseni. Usiku wina wa chisanu ndinadzaza beseni ndi madzi a pampopi monga ndinazolowera nthawi yotentha. Patatha maola awiri choyezera chinali chikadali pa 95, tizitseko tonse tili pululu. Nditasuzumira pa kachitseko ka m'mbali ndinaona makala ali psuu, akuyaka bwino lomwe, koma pafupifupi theka anali atasanduka kale phulusa. Moto unalipo, koma unkathera m'madzi. Ndinavala magolovesi, kunyamula gawo la pakati, kutaya madziwo n'kubwezera beseni louma, ndipo pasanathe theka la ola kutentha kunafika pa 115. Chifukwa chake n'chodziwika: kusandutsa lita imodzi ya madzi kukhala nthunzi kumadya kutentha kopitirira kasanu poyerekeza ndi kuwatenthetsa kuchoka pa 0 kufika pa 100. Kukamatentha madziwo ndi bwenzi, amaletsa moto kupitirira. Kukazizira amalanda kutentha komwe ukukufuna.

Ndiye m'beseni muikemo chiyani? Ena amathira madzi owira kale, ndipo zimathandiza poyamba, koma madziwo amapitirizabe kudya moto pamene akuphwa. Ena amathira mchenga wouma n'kuuphimba ndi pepala la aluminiyamu. Mchenga umasunga kutentha osakutaya ngati nthunzi, ndipo ukatsegula chivindikiro mbaula imabwerera msanga pamene inali. Koma ukalola moto kupitirira, mchengawo umachedwa kuzizira. Ine ndinakhazikika pa beseni lopanda kanthu, longokutidwa ndi aluminiyamu kuti lilandire mafuta. Limatchinga moto kuti usawombe nyama mwachindunji, basi. Pamafunika kuyamba kutseka tizitseko msanga, kutentha kukafika cha m'ma 90, chifukwa palibenso chogwira moto ukathawa.

Chinthu china chimene chinasintha mbaula imeneyi ndi bulangeti la owotcherera zitsulo, lija losapsa ndi moto. Ukalikulunga kuzungulira gawo la pakati ndi chivindikiro, n'kusiya kabowo ka utsi ndi tizitseko ta pansi poyera, chitsulo chimasiya kutaya kutentha ndipo makala amene ankatha pakati pa usiku amafika m'mawa. Bulangeti wamba la pabedi ayi ndithu, limasungunuka kapena kuyaka. Ndipo kabowo ka pamwamba musakatseke pofuna kusunga kutentha: utsi ukasowa potulukira nyama imawawa.

Kamado ndi nkhani ina. Dzinali ndi la ku Japan, ndipo mtundu wotchuka wa Big Green Egg unayamba ndi Ed Fisher ku Atlanta mu 1974. Kamado Joe ndi mnzake wopikisana naye. Makoma a kamado ndi a dothi lowotcha, ochindikala, ndipo pakamwa pake pali kansalu kotseka mpweya. Dothilo likangotentha, zakunja sizilikhudza kwenikweni. Ndinaisiyapo pa 110 cha m'ma 10 koloko usiku, kachitseko ka pansi katatseguka mpata wosakwana kukula kwa chala, n'kuipeza m'bandakucha ili pa 108, udzu wozungulira uli mbuu ndi chisanu, makala atatsala ambiri. Pa funso la kusunga moto kukazizira, kamado imapambana zinzake zonse, ndipo sindingabise zimenezo.

Komabe ili ndi zake. Dothi lozizira limatenga nthawi kuti litenthe, ndiye ukaika nyama choyezera chikangofika pa 110 umanyengeka: mpweya watentha koma makoma akadali ozizira. Ndimaipatsa ola lathunthu. Ukalakwitsa n'kufika pa 150, kutsitsa n'kovuta, chifukwa chomwe chimaipatsa mphamvu ndi chomwecho chimene chimakaniza kutenthako kutuluka. Popeza imayenda ndi mpweya wochepa kwambiri, moto wake ndi waung'ono, ndipo kwa ine utsi wake sukoma ngati wa Smokey Mountain, khungu lakuda la pamwamba pa nyama nalonso silimauma bwino chimodzimodzi. Tizidutswa ta makala tikatseka mabowo a pansi moto umazima mwakachetechete, choncho zidutswa zikuluzikulu ziyambe pansi. Chinyezi chikaundana pa kansalu kaja chivindikiro chimamatirira, ndipo kuchikoka mwamphamvu kumang'amba kansaluko. Yaikulu imalemera makilogalamu oposa 70, siungainyamule kuthawa mphepo, ndipo ikagwa imasweka.

Mbaula zokhala ndi bokosi la moto pambali sindizichedwapo. Za chitsulo chochindikala, cha mamilimita 6, zimagwira kutentha koma zimafuna kusonkhezera pafupipafupi usiku wonse. Za chitsulo chopyapyala, kukazizira, mbali ya moto imapsereza pamene mbali ya chumuni ili yozizira.

Pa makala, mbaula ndi imene imasankha. Mabriketi ndi ofanana kukula, amayaka mofanana, n'chifukwa chake njoka ya mu ketulo ndi bwalo la Smokey Mountain zimayenda bwino nawo. Phulusa lawo n'lambiri, ndipo pakatha maola 8 kapena 9 limatha kukwirira moto. Kugogoda pang'ono miyendo ya mbaula kumaligwetsa. Makala a zidutswa za mtengo amasiya phulusa lochepa, ndiye ndi oyenera kamado imene malo ake a phulusa ndi aang'ono. Alionse akhale ouma. Thumba logona panja pa mame limayamba ladya moto wake pofuna kudziumitsa.

Ambiri akavutika amathamangira kugula kafani koyendetsedwa ndi kamakina, monga ka BBQ Guru, FireBoard kapena Flame Boss. Kamayeza kutentha n'kupemerera moto kukatsika. N'kabwino, kamakulola kugona. Koma ntchito yake ndi kupereka mpweya basi, sikatseka kumene kutentha kukuthawira. Ukakaika pa mbaula yopyapyala ili pamtetete, kamapemerera mosalekeza mpaka makala kutha msanga. Pa kamado, kapena pa Smokey Mountain yofunda bulangeti, m'pamene kamaonetsa phindu lake. Mabatire nawonso amafooka msanga kukazizira.

Ndikanati ndigule chinthu chimodzi chokha, ndikanayamba ndi choyezera cha waya chomwe nsonga yake imakhala pambali pa nyama. Cha pa chivindikiro chimayeza mpweya wa pafupi ndi chitsulo chozizira, ndipo chikhoza kukunamiza kuti moto watsika pamene nyama ikulandira wokwanira. Cha waya chimakuchotseranso chilakolako chotsegula, chifukwa kukazizira kutsegula kamodzi kokha kumataya kutentha kotenga mphindi zambiri kuti kubwerere. Chimathandizanso nyama ikaima pa madigiri a pakati pa 65 ndi 75 kwa maola angapo. Kuima kumeneku si vuto la nyengo: ndi chinyezi chotuluka m'nyama chimene chikuiziziritsa pamene chikuphwa. Ukaona kuti mbaula ili pa 110, usawonjezere moto. Dikira, kapena kulunga nyamayo m'pepala.

Kwa amene ali kale ndi Smokey Mountain, sindikuona chifukwa choisiyira. Beseni louma, bulangeti, ndi chotchinga mphepo zimaifikitsa pafupi kwambiri ndi kamado, ndipo utsi wake ndi umene ndimaukonda. Kamado ndi ya munthu amene amawamba kawirikawiri m'nyengo yozizira ndipo amafuna kugona tulo tosadukiza.

Chotchinga mphepocho chikhale panja. Ndikunena izi ndi mtima wonse, chifukwa kukazizira maganizo okokera mbaula m'galaja kapena m'khonde lotsekedwa amabwera okha. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka, wosanunkha, ndipo umapha. Kutsegula chitseko pang'ono sikukwanira. Chotchinga mphepo changa ndi matabwa atatu olumikizidwa ndi mahinjesi, otalika kupitirira chivindikiro, oimikidwa pafupifupi mita imodzi kuchoka pa mbaula, pamwamba pali pululu. Ndimawatsamiritsa ndi njerwa, ndipo ndisanagone ndimatuluka kamodzi kukaona ngati mphepo yasintha kochokera.